Waganyu Sadwala

Inu amene mwadzuka lero mtima uli m'mwamba, mukuona ngati dziko lakufulatirani, tasenderani kuno ndikuuzeni za Laurenti wa ku Bangwe.

M'dzinja la 2008, Laurenti anaima pamsika wa Limbe malungo asanamutheretu m'thupi, akuonerera wilibala yake ikukankhidwa ndi munthu wina.

Kunena zoona, wilibalayo sinali yake. Inali ya bwana wina amene anali ndi mawilibala ambiri, n'kumabwereketsa anyamata onyamula katundu. Tsiku limene thupi linayamba kuphwanya, Laurenti anachita zimene malemu mayi ake anamuphunzitsa: anapita kukanena mwaulemu.

"Bwana, sindikupeza bwino. Ndikapumeko kaye."

"Pita ukapume," anatero bwanayo, osatukula ndi mutu womwe.

Atabwerako anapeza malo ake atapatsidwa wina. Anadandaula, anapepesa, anatsala pang'ono kugwada m'matope. Bwanayo anangoseka.

"Mphwanga, katundu sadikira wodwala. Waganyu sadwala. Ukafuna kudwala, dwalira pawilibala pomwepo."

Tsiku limenelo Laurenti anabwerera ku Bangwe wapansi, mvula ikumuthera pathupi. Bambo ake, amene anachokera ku Nsanje kudzagwira ntchito yaulonda, anali atamwalira kale. Mayi ake anatsatira pasanapite nthawi. Sukulu anaisiyira Fomu 2. M'kachipinda kodontha munatsala iye ndi mchemwali wake wamkulu, Lusiya, amene ankagulitsa tomato ndi bonya pamsika wa Bangwe.

Ali m'njira, Laurenti analumbira mumtima kuti sadzauzanso bwana aliyense kuti akumva kupweteka. Lumbiro limeneli muligwiritsitse, abale anga, chifukwa ndi limene linatsala pang'ono kumugwetsera kuphompho.

Koma mnyamatayu sanali wokhala pansi. Ndikamati wosakhazikika ndikunena Laurenti. Kumuuza kuti akhale pampando kunali kumulanga. Ngakhale pa Misa ankangogwedeza bondo mpaka benchi yonse kumanjenjemera, amayi a m'mbali n'kumamutong'olera maso. Atamulanda wilibala ija, m'mawa mwake analawirira ku Limbe kukazungulira mabenchi onse, mpaka Che Abbas, wogulitsa kaunjika, anamutenga kuti azisenza mabelo kuchokera kunyumba kwawo ku Kanjedza.

Lamulungu masana ankagwira pagolo m'timu ya m'dera lawo. Pogwira mpira analibe luso lililonse, ndisakunamizeni, zigoli zinkalowa ngati mvula. Koma akati aumenye, eee! Mpira unkachoka pagolo lake n'kukatera pafupi ndi golo linalo. Anthu anamupatsa dzina lakuti Mzinga.

Tsiku lina Che Abbas akutsegula belo la majuzi, munatuluka chinthu chodabwitsa. Chinali chachikopa, chofiirira, chosongoka uku ndi uku, chokhala ndi zingwe zoyera pamimba. Atachipopa, msika wonse unafa ndi phwete.

"Azungu nawonso amalakwitsa," anatero wina. "Ankafuna kusoka mpira, asoka papaya."

Papayayo anakhala pabenchi osapeza womugula. Potsiriza Che Abbas anamuponyera Laurenti. "Tenga, mwanawe, akundithamangitsira makasitomala."

Laurenti anautenga. Mpira wake unali wamwano. Ukaugwetsa pansi unkadumphira kumene ukufuna wokha. Ukaumenya unkapita chammbali ngati woledzera. Wina akanautaya pa dzala, koma Laurenti zinamupweteka mtima kuti pali mpira padziko lino umene ukukana mwendo wake. Akaweruka kwa Che Abbas ankapita m'mphepete mwa nkhalango ya Kanjedza, kukumba kadzenje ndi chidendene, kuimika mpirawo chilili, n'kumalimbana nawo kuti udutse pakati pa mabulugama awiri. Akaumenya, ankathamangira kukautola yekha, n'kubwerera kudzayambiranso. Anthu odutsa ankapukusa mitu. Ena ankati chamba, ena ankati masiye amupenga.

Miyezi itapitapo, mpira uja unagonja. Unayamba kudutsa pakati pa mitengo ija ngati wauzidwa.

Madzulo ena a mu 2010, bambo wina wovala mandala anaima n'kumaonerera. Anali a Dennis, mwana wa ku Kanjedza komweko, amene ankaphunzitsa masamu pa yunivesite ina yaing'ono ku America. Anali atabwera kudzaona mayi awo.

"Iwe, wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Palibe, bambo. Ndimangosewera."

"Tabwerera m'mbuyo. Bwereranso. Menya pamenepo."

Laurenti anamenya. Mpira unadutsa, malo n'kutsala. A Dennis anatulutsa foni, kumujambula, kenako anamukhazika pa chitsa n'kumufotokozera.

Anati ku America mpira wa papayawu ndi umene anthu amafera. Mayunivesite ali ndi matimu, ndipo anthu amadzaza mabwalo. Osewera amavala zisoti, amaugwira m'manja, amathamanga nawo n'kumagwetsana ngati nkhunzi. Koma m'timu iliyonse mumakhala munthu mmodzi amene ntchito yake ndi mwendo basi. Anzake akalephera kufika kumzere wa adani, amaitana iyeyo. Wina amaimika mpira pansi, iye n'kuumenya kuti udutse pakati pa mitengo iwiri italiitali. Ukadutsa, timu yapeza mapointi atatu. Ndipo munthu wa mwendo wotere yunivesite imatha kumuphunzitsa mwaulere.

"Koma kumeneko salandira mwendo wokha," anatero a Dennis. "Amafuna ndi mutu womwe. MSCE uli nayo?"

Laurenti anayang'ana pansi.

"Kaitenge. Ukaitenga undiuze."

Atamva zimenezi, Lusiya anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iwe, ku America chifukwa cha papaya? Koma poti papayayo wakubwezera kusukulu, ndilibe naye mlandu."

Ndiye unayambika moyo wothamanga. Mbandakucha mabelo a Che Abbas, masana sukulu ya akuluakulu, madzulo mabulugama. Nkhondo yaikulu inali yokhala pa desiki. Anzake akumvetsera, iye bondo lili gwedegwede, maso ali pawindo. Analemba mayeso a Fomu 2 n'kukhoza movutikira. Atafika pa MSCE koyamba, anagwa chagada. Dzina lake silinatuluke.

Sabata imeneyo anayenda Bangwe yense ngati wataya mbuzi. Kunyumba sankakhala, kumsika sankakhazikika. Che Abbas ndi amene anamugwira pamkono.

"Belo likagwa pamutu umalisiya pamsewu?"

"Ayi."

"Ndiye senzanso."

Anasenzanso. Ulendo wachiwiri anakhoza bwino. Panatsatira mayeso ena a Chingerezi, mapepala a ulendo, kudikira kosatha, a Dennis akuthamangathamanga tsidya linalo ndi makanema a mwendo wake. Pakati pa chaka cha 2014, Laurenti anakwera ndege pa Chileka atavala jekete lalikulu limene Che Abbas anamusankhira m'belo latsopano. Lusiya analira ngati pamaliro, kenako anayamba kuseka, kenako analiranso.

Mukuganiza kuti nkhani yathera apa? Ayi ndithu. Apa ndi pamene yayambira.

Yunivesiteyo inamupatsa sukulu, chakudya ndi pogona. Koma kochi wa timu, chimunthu chachikulu cha mawu ngati bingu, anamuuza poyera tsiku loyamba kuti malowo amawaunikanso chaka chilichonse. Nyengo ya mpira ikatha kumapeto kwa Novembala, iye ndi amene adzanene ngati Laurenti akhale kapena abwerere kwawo. Ndipo panali womenya mpira wachiwiri, mnyamata wa komweko, amene ankadikira pabenchi. Laurenti atangomuona, anamuzindikira. Anati mumtima: uyu ndiye wodzatenga wilibala.

Magemu oyambirira anayenda ngati maloto. Akamuitana, ankalowa, kumenya, mpira n'kudutsa. Timu inapambana kawiri motsatizana. A Dennis anatumiza kanema ku Bangwe, ndipo anyamata a pa vidiyo sho anauonetsa. Lusiya anamuimbira foni akuseka.

"Achimwene, anthu akufunsa kuno. Akuti walowa, wamenya, watuluka. Basi? Ntchito yonse imene unakwerera ndege ndi imeneyi?"

Koma kuseka konseko, Bangwe anali atanyada. Makondakitala a minibasi ankakuwa akamuona Lusiya, "Achemwali ake a Mzinga, kwerani kutsogolo!" Che Abbas anakhoma chithunzi cha Laurenti pabenchi lawo la kaunjika, ndipo aliyense wogula juzi ankayamba wamva mbiri yonse.

Kenako kunayamba kuzizira. M'mawa wina pokonzekera, Laurenti anamenya mpira thupi lisanatenthe, ndipo anamva kuti thaphu m'mphechepeche mwa ntchafu ya kumanja. Ululu unakwera mpaka m'mano. Anaima kanthawi, n'kuyenda ngati palibe chachitika.

Tsono mvetsani apa. Timuyo inali ndi dokotala wake. Tsiku ndi tsiku mayiyo ankaima pakhomo la chipinda chovalira n'kufunsa, "Alipo akumva kupweteka?" Zimphona za anyamata zinkandanda pamzere, wina chala, wina phewa, wina bondo, kukawamata madzi oundana. Laurenti ankawayang'ana n'kuwamvera chisoni. Ankati awa sanaione Limbe. Kwa iye funso lija linali msampha, njira ya mabwana yodziwira ofooka kuti awachotse. Dokotala akamufunsa, yankho linali limodzi.

"Ndili bwino, madamu."

Akafika kuchipinda kwake ankatseka chitseko, kuwiritsa madzi, kuthira mchere, n'kumathowa ntchafuyo ndi thaulo monga ankachitira mayi ake. Anang'amba malaya akale n'kumamanga mwendo zolimba mkati mwa kabudula. M'mawa ankapita kukamenyanso mpira. Chilonda chimene chimafuna kupuma, iye ankachipatsa ntchito tsiku lililonse.

Gemu yotsatira anaphonya kamodzi. Anthu anati zimachitika. Yotsatirayo anaphonya kawiri. Inanso, nthawi itatsala pang'ono kutha, timu yake ikutsalira ndi pointi imodzi yokha, anamuitana. Mtunda unali waufupi, woti ku Kanjedza akanamenya atatsinzina. Mwendo unakana kukwera. Mpira unapita chammbali, ndipo bwalo lonse linangoti zii.

M'chipinda chovalira palibe anamutukwana. Bola akanamutukwana. Anthu amene anagwetsana masana onse, ena magazi ali chuchuchu m'zigongono, ankangomudutsa osamuyang'ana.

Kochi anamuitanira mu ofesi. "Laurenti, vuto n'chiyani?"

Laurenti anaika manja kumbuyo, anaweramitsa mutu monga mwana woleredwa bwino amachitira pamaso pa wamkulu. "Palibe, bwana."

"Ndiyang'ane ndikamalankhula! Kodi sizikukukhudza?"

Aaa, ulemu wa kwathu unasanduka mwano kwa eni dziko. Laurenti anayesa kutukula maso, koma khosi linakana.

"Wadwala? Wasowa kwanu? Sukulu yakukulira?"

"Ndili bwino, bwana."

Kochi anapumira m'mwamba. "Ndiye ngati uli bwino, ndiye kuti mwendo wako ndi womwewu. Kuyambira Loweruka amenya mnzako uja. Ndikuuziretu, sindingasungire malo munthu amene akuphonya koma alibe chifukwa."

Masiku otsatira Laurenti anasowa pogwira. M'kalasi sankamva kanthu. Chakudya chinkangozungulira m'kamwa. Ankatuluka, kuzungulira nyumba za yunivesite akutsimphina pamene palibe womuona, kubwerera, kukhala pabedi, kudzukanso. Ankaganiza za minibasi ya ku Bangwe, mmene adzatsikire pa siteji ndi chikwama, makondakitala akufunsa kuti, "Mzinga, waphulika?" Ankaganiza za chithunzi chija pabenchi la Che Abbas. Anachita manyazi, anachita mantha, ndipo anakwiyira mwendo wake ngati ndi munthu. Ngakhale a Dennis anawazemba. Akawaona akubwera uko, iye ankakhotera kwina.

M'mawa wina analongedza chikwama, n'kuimbira Lusiya. Ku Bangwe anali masana. Pafoni pankamveka phokoso la msika, wina akuitanira Limbe, wina akunenerera tomato.

"Achemwali, mukonze malo. Ndikubwera."

"Ukubwera kudzatani? Sukulu yatsekera?"

"Zakanika. Andichotsa pa timu."

"Chifukwa?"

Laurenti anagwira ntchafu ija. Kenako, poti Lusiya sanali bwana, anamuuza zonse: za kuthaphuka kuja, za madzi amchere, za malaya ong'amba.

"Ndiye adokotala akuti chiyani?"

"Sindinawauze."

"Kochi wakoyo?"

"Ndimuuze kuti andichotse? Mwaiwala za ku Limbe? Waganyu sadwala, achemwali."

Lusiya akakwiya ankayamba ndi Chisena cha makolo awo, ndipo tsiku limenelo anayamba nacho, mpaka amayi ogulitsa naye pafupi anasiya kuitanira malonda. Atatha mpweya anabwerera ku Chichewa.

"Iwe Laurenti, ndiwe wopusa kapena ukuchita dala? Wakhala chete kuopa kukuchotsa. Nanga panopa sakukuchotsa?"

Laurenti asanayankhe, Lusiya anapitiriza.

"Munthu mmodzi wouma mtima wa ku Limbe ndiye wasanduka dziko lonse? Anthuwo anakukweza ndege, akukudyetsa, akulipira dokotala woti azikufunsa m'mawa uliwonse, iwe n'kumathowa mwendo ndi mchere ngati uli ku Nsanje? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pita ukanene. Akakuchotsa, akuchotse ukunena zoona. Ukabwera kuno usananene, ine sindikutsegulira."

Foni inaduka. Laurenti anakhala pabedi, chikwama chili pambali. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake bondo lija linaleka kugwedera.

Ulendo wochoka kuchipinda kwake kukafika ku ofesi ya kochi unali waufupi, koma unamulemera kuposa ulendo wa Limbe mpaka Bangwe m'mvula. Kawiri konse anatembenuka kuti abwerere. Atafika anagogoda, analowa, ndipo asanataye mtima anamasula nsanza ija pamaso pa kochi. Ntchafu inali itatupa, itada bii.

"Bwana, ndinanama. Mwendo ukundipweteka."

Kochi anadzuka pampando. "Chiyambire liti?"

"Chiyambire kuzizira."

"Magemu onse aja unkamenya ndi mwendo umenewu?"

"Inde, bwana."

Laurenti anadikira mawu amene ankawadziwa: pita ukapume. Koma chimunthu chija chinamenya tebulo mpaka makapu anadumpha.

"Bwanji sunanene? Bwanji?"

"Kwathu waganyu akanena kuti wadwala, mawa amapeza wina pamalo pake."

Kochi anakhalanso pampando. Mkwiyo sunathe, koma mawu anatsika. "Ndimaganiza kuti ndinalakwitsa kukutenga. Ndimati ulibe luso, kapena ulibe nazo ntchito. Anzako aluza magemu chifukwa cha kukhala chete kwako, ndipo ukawauza wekha. Koma choyamba, tiye kwa dokotala."

Anamuperekeza yekha. Dokotala ataunika anapukusa mutu. Anati mnofu unang'ambika, ndipo Laurenti akanabwera tsiku lomwelo, kupuma pang'ono kukanakwana. Koma poti anaupondereza, tsopano ufunika masabata ambiri, mwinanso nyengo yonse yotsala.

Madzulo ake Laurenti anaima pamaso pa timu yonse n'kupepesa. Mawu ankatuluka modukaduka. Ena anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Koma chimphona china chimene chinkateteza kutsogolo chinadzuka, chinamumenya pamsana mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, "Ndiwe wamisala, koma ndiwe wathu."

Kochi sanamunyengerere. "Sindikukulonjeza kanthu. Chira kaye. Ukachira nyengo isanathe, tidzaona."

Abale anga, pa mayesero onse amene Laurenti anakumana nawo, ili ndiye linali lalikulu. Njala anaipirira. Mabelo anawasenza. Koma kumuuza munthu ngati ameneyu kuti agone pabedi, atukule mwendo pang'onopang'ono, autsitse, basi zakwana lero? Ankafuna kukuwa. Loweruka lililonse ankakhala pabenchi atafunda jekete la Che Abbas, akuonerera mnzake uja akumenya. Ndipo mnzakeyo sankaphonya kawirikawiri. Mpira uliwonse wodutsa unkamubaya Laurenti mumtima, komabe ankaimirira n'kuwomba m'manja.

Tsiku lina anazemba ndi mpira kuti akayese kuseri kwa bwalo. Anauimika pansi, anabwerera m'mbuyo, anaima. Kenako anautola n'kukaubweza. M'mawa mwake anauza dokotala zimene anatsala pang'ono kuchita. Mayiyo anaseka, n'kumuonjezera zolimbitsa thupi kuti asowe nthawi yoganiza zopusa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Laurenti anaphunzira kudekha ngati mwana wophunzira kuyenda.

Nyengo imeneyo sinali yabwino kwa timuyo. Inaluza magemu ambiri kuposa amene inapambana, ndipo za chikho panalibe amene ankazitchula. Inatsala gemu imodzi, yolimbana ndi yunivesite yoyandikana nayo, adani awo a kalekale. Sabata imeneyo dokotala analola Laurenti kuyambanso kumenya, koma pang'ono. Anati pa gemu, ngati angamufune, amenye kamodzi kokha.

Tsikulo kunagwa chisanu choyera ngati ufa. Laurenti anakhala pabenchi chiyambire, zala zitauma, osaitanidwa. Mipira yaifupi yonse anamenya mnzake uja. Nthawi inkatha, ndipo pamodzi ndi nthawiyo ankaona sukulu yake ikutha. Kochi akanamusungira malo chifukwa chiyani, munthu amene sanathandize timu chiyambire Seputembala?

Kutatsala timphindi, timu yawo inkatsalira ndi mapointi awiri. Anyamata anakankha, anakankha, koma anakanirira kutali, pakati pa bwalo penipeni. Mtunda umenewo mnzake uja sankaufika ngakhale pokonzekera. Kochi anatembenuka, maso ake n'kugwera pa Laurenti.

"Mwendo uli bwanji?"

Yankho lakale linafika pamilomo lokha. Ndili bwino, bwana. Linali lokonzeka, lozolowereka, ndipo linkaoneka ngati ndi limene lingamulowetse m'bwalo. Laurenti analimeza. Anatukula mutu, n'kumuyang'ana kochi m'maso.

"Ukupwetekabe pang'ono, bwana. Kawiri sindingathe. Koma kamodzi ndingathe."

Kochi anagwedeza mutu. "Lowa."

Analowa. Bwalo lonse linali phokoso, koma iye ankangomva mtima wake. Anayeza mapazi ake, anapuma. Mpira unaponyedwa, wosewera wina anauimika pa chisanu, ndipo Laurenti anaupatsa zonse zimene zinatsala m'mwendo uja. Ululu unamulasa, anagwa chagada. Ali pansi pomwepo anauona ukukwera, ukuzungulira, ukuyamba kutsika, ukutsika, mpaka anati wafupika. Unadutsa pamwamba pa mtanda wolumikiza mitengo iwiri ija ndi kampata koti n'kulowetsapo dzanja lokha.

Zimphona zija zinamugwera pamwamba mpaka dokotala anachita kuzikalipira kuti zimusiye mwendo.

Phokoso litachepa, kochi anamukokera pambali.

"Ukudziwa, ukanandiyankha kuti uli bwino, sindikanakulowetsa. Ndikanadziwa kuti ukunamabe, ndipo munthu wonama za thupi lake sindingamudalire. Ngati unalongedza chikwama, kachimasule. Chaka chamawa uli nafe."

Laurenti analira, osabisa nkhope. Atauza Lusiya m'mawa mwake, nthungululu inamveka pafoni mpaka anachita kuichotsa kukhutu. Akuti tsiku limenelo pamsika wa Bangwe tomato anagulitsidwa ndi basera loposa muyeso.

Laurenti anasewera nyengo zina zitatu, anamaliza maphunziro ake, ndipo lero ali konkuno ku Blantyre, akugwira ntchito yake ndi kulera banja lake. Bondo lija likugwederabe, musaganize kuti America inachiritsa zonse.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina nanunso pali pamene pakukupwetekani ndipo mwapamanga nsanza. Mwina ndi sukulu imene yakukanikani, mwina ndi thupi, mwina ndi m'banja. Wina anakuchitani chipongwe tsiku limene munanena, ndiye munalumbira kuti simudzanenanso. Ndikukumvetsani. Koma si onse amene ali ngati munthu ameneyo. Laurenti anapirira njala, umasiye ndi kulephera mayeso, koma chimene chinatsala pang'ono kumubweza chimanjamanja ndi mawu awiri okha: ndili bwino.

Limbikirani, inde. Mukagwa, dzukani. Koma pamene pakupweteka, nenani, chifukwa wokuthandizani sangalote. Ndipo ngakhale chikwama mwalongedza kale, osataya mtima. Pitani mukagogode kaye.